A Chavula ndi makalata obwerera

A Chavula tinawaika m'manda mwezi watha, kukuzizira, fumbi la msewu wa ku Katowo likulowa m'maso ndi m'mbale momwe. Chibwerere kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu ndapita ku maliro ambiri, koma sindinachitepo manyazi pamaliro ngati tsiku limenelo. A m'mudzi anabwera, a mpingo anabwera, nyimbo zinaimbidwa bwino lomwe. Koma pansi pa mitengo, pomwe analambula kuti paime magalimoto, panali pululu. Panaima kagalimoto ka abusa ndi lole ya sukulu yomwe inanyamula bokosi, basi. Munthu amene anaphunzitsa madokotala, mainjiniya ndi abusa omwe ali ponseponse m'dziko muno anapita ngati sanagwirepo choko. Sikuti ophunzira awo akalewo ndi ouma mtima ayi. Sanamve. Ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti kwa zaka zambiri pasukulu pathu panalibe maliro opita anthu osamva, chifukwa wofalitsa uthenga anali a Chavula omwewo.

Anthu a ku Katowo akamawakumbuka amakumbuka chinthu chimodzi: mkulu wa mpingo atavala suti yakuda ya pa Mgonero, atakhala kumbuyo kwa matola pakati pa matumba a feteleza, tambala woyera ali pamiyendo. Ine ndinali pambali pawo tsiku limenelo, ndipo nkhaniyo ndifikako. Koma ndisayambire pamenepo, chifukwa munthuyo sanabadwe atanyamula tambala.

Anali mphunzitsi wa fizikisi ndi masamu pa sekondale yathu ya mishoni. Wamtali, wowonda, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala pomwe tonse timalakalaka kuvula ndi khungu lomwe. Ine ndinafika ndili mtsikana wongotuluka ku koleji, kudzaphunzitsa Chichewa. Tsiku loyamba anandifunsa mfunda wanga, ndipo nditati ndine Naphiri anapukusa mutu.

"Kwanu uko. Kuno ndinu anyaPhiri, amama."

Dzinalo linandimatirira mpaka lero. Ankakonda kundimvera chisoni chabodza, ankati ntchito yanga ndi yolemera kuposa yawo, chifukwa fizikisi ana a kuno amaikana ndi mutu wokha, koma Chichewa amachikana ndi mtima womwe. Iwo eni ankachilankhula bwinobwino, kungoti chinkatuluka chitavala jekete la Chitumbuka.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, abwenzi a mpingo a kunja anatumiza makompyuta, dishi ya padenga yokokera intaneti, ndi bokosi lakuda lomwe anatiuza kuti ndi seva. Seva ndi kompyuta yomwe salemberapo munthu. Ntchito yake n'kulandira maimelo a tonse ndi kuwatumiza komwe akupita, ngati positi ofesi. Amene anadzalumikiza zinthuzo anakhala nafe pang'ono n'kubwerera kwawo, atasiya mabuku onenepa omwe tonse tinkawalambalala. A Chavula anawanyamula kupita nawo kunyumba. Pofika nthawi yopuma, sukulu inawapempha kuti atsale kuti aziyang'anira makinawo, ndipo sanadikire kuwapempha kawiri.

Sevayo inkakhala m'kachipinda kogundana ndi chipinda cha aphunzitsi, momwe kale tinkasungiramo choko ndi makasu. Polowamo unkavula nsapato chifukwa cha fumbi. Tiyi ankathera pakhomo. Pamwamba pa bokosilo panali kansalu kolukidwa maluwa m'mbali, ntchito ya manja a akazi awo, anyaHarawa, koyalidwa mosamala kuti kasatseke mabowo otulukira mpweya. Pansi panali mabatire a sola, chifukwa magetsi a kuno amabwera ngati mlendo. Chaka china njovu za ku Vwaza zinagwetsa mtengo wa magetsi cha ku Kazuni, tinakhala mumdima masiku angapo, koma maimelo ankayendabe. A Chavula ankayenda pabwalo la sukulu sabata imeneyo chifuwa chili patsogolo. Ankati njovu amailemekeza, chifukwa ikawononga chinthu imasiya mapazi, pamene mphunzitsi akawononga amanena kuti sanagwire chilichonse.

Ukapita kukadandaula kuti imelo yako sinafike, sankathamangira pa kompyuta. Ankayamba akukhazika pa kampando. Ankafunsa ngati magetsi analipo pomwe unkatumiza, n'kutuluka kukayang'ana dishi, chifukwa mavu anali ndi chizolowezi chomangapo chisa. Akabwerera ankakuuza kuti utchule adiresi chilembo chimodzichimodzi. Zikatero m'pamene ankatsegula sikirini yawo yakuda ya zilembo zoyera, n'kukuonetsa mzere wa makalata odikira kutuluka, ndi mizere ina yomwe makinawo amalemba okha yonena kuti kalata yakuti yalandiridwa, yakuti yakanidwa. Pomaliza pankabwera funso lomwe tonse tinkaliopa.

"Kodi sinabwerere?"

"Inabwerera, adada."

"Mwawerenga zimene yanena?"

Palibe ankawerenga. Ndani angawerenge Chingerezi chodzaza manambala chija? Koma apa m'pamene panagona chikhulupiriro chonse cha a Chavula pa ntchito yawo. Ankati kalata yokanidwa sibwerera chimanjamanja, imabwera ndi chifukwa chake chitalembedwa, ndipo vuto la anthu ophunzira n'lakuti amafuna kukonzeredwa osati kuwerenga. Choncho ankakuwerengetsa mokweza, chala chawo chikutsogolera, ngati mwana wa Fomu 1. Ahedi amene tinali nawo nthawi imeneyo anakhala sabata yonse akudandaula kuti a ku boma akuwanyoza posawayankha. A Chavula anawawerengetsa kalata yobwerera aphunzitsi tonse tikumva, ndipo zinapezeka kuti ahedi anaiwala chilembo pa adiresi. Tinaseka mobisa. Ahedi sanaseke, ndipo anthu awiriwo ankangopatsana moni wa ntchito kufikira tchuthi.

Ine tinakangana pa zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga. Ndinazitumiza zonse pakamodzi kwa achibale a ku Joni. A Chavula anandipeza m'kalasi, anagogoda mwaulemu, n'kunena ana akumva kuti akwati anga atseka msewu, ndipo makalata a mayeso afola kumbuyo kwa keke. Ndinawakwiyira mpaka Lamlungu. Lolemba ndinapeza nthochi pa tebulo langa, popanda mawu.

Koma ntchito imene anaikonda koposa sinali pa pangano lawo ndi sukulu. Mwana aliyense womaliza Fomu 4 sankachoka asanasiye adiresi ya imelo, ndipo amene analibe ankamutsegulira pomwepo. Anasonkhanitsa za aphunzitsi akale, za abusa, za makolo, za azungu omwe anaphunzitsapo pano kalekale. Wina wa ife akamwalira, kapena kholo lake, kapena mwana wake, a Chavula ankavala jekete, n'kulemba uthenga wa maliro, n'kutumiza kwa onse pakamodzi, maina onse ali poyera pamwamba pa kalata. Ndipo aliyense ankayankha kwa onse. Pepani. Phepani chomene. Mulungu atonthoze. Makalata ankasefukira masiku angapo, mawu ake omwewomwewo. Mayi anga atamwalira ku Ntcheu ndinalandira mawu a pepani kuchokera kwa anthu omwe sanawaonepo, ena ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo ena anafika ndithu kumudzi kwathu. Ndinalira pamenepo kuposa pamanda. Tonse tinkaukonda mwambo umenewu, ndipo izi ndikuzinena dala.

Kunabwera mphunzitsi wachinyamata wa makompyuta, amene anawalangiza kuti azibisa mainawo potumiza, ndiponso kuti wosafuna mauthengawo azitha kudzichotsa. A Chavula anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi.

"Nyifwa sanong'onezana, mwana wanga, imfa si chinsinsi. Aliyense aone kuti mnzake wamva, pasadzapezeke wonena kuti ine sindinauzidwe. Ndipo ndi munthu wanji amene amapempha kuti asamamve za maliro?"

Mphunzitsiyo anatchulanso za maadiresi a anthu omwe anamwalira, kuti azichotsedwa. Apo ndiye anakhudza pachilonda. A Chavula ankati munthu amene anapepesa nawo pa maliro a anzake sachotsedwa pagulu chifukwa choti tsiku lake lakwana, ndipo iwo si Mulungu kuti azifufuta anthu. Choncho akufa ankalandira nawo uthenga wa maliro a amoyo. Makalata awo ankabwerera, n'zachidziwikire, chifukwa makampani a maimelo amatseka adiresi ikakhala nthawi yaitali osatsegulidwa. Kuti obwererawo asamasokoneze ntchito, a Chavula analamula seva kuti kalata iliyonse yobwerera ndi mawu akuti wakanidwa kapena kulibe munthu wotere iziponyedwa pamalo amodzi paokha. Malowo ife tinawatcha kumanda. Iwo sankalikonda dzinalo, koma sankatsegulako.

AnyaHarawa, omwe anali namwino wopuma, anamwalira nyengo ya mvula chaka china. Uthenga wa maliro awo analemba okha a Chavula, ndipo adiresi ya mayiwo, yomwe ankalemberana nayo ndi ana awo a kunja, inatsala pagulu monga ena onse. Kwa nthawi yaitali mzere wa pa sikirini unkanena kuti kalata yawo yakanidwa. Ndiye tsiku lina masana a Chavula anandikodola ndikudutsa pakhomo pawo. Anandilozera mzere umodzi, nkhope ikuwala ngati ya mwana.

"AnyaPhiri, taonani apa. Amama a kunyumba ayamba kulandira."

Mzerewo unkanenadi kuti kalata yopita kwa anyaHarawa yalandiridwa. Anaseka okha, n'kunena kuti ndisawayese openga, fizikisi sanaiwale, mwina kampaniyo yangosintha kachitidwe. Koma sanafufuze. Munthu amene ankatha kutsata waya kuyambira kuchipinda mpaka padenga chifukwa cha kalata imodzi yochedwa, chinthu chodabwitsa chotere anachisiya momwemo. Inenso ndinamwetulira nawo, chifukwa chiferedwereni ndinali ndisanawaone akuseka.

Tsopano ndifike kwa Wezi. Wezi anali mwana wa a Luhanga, mlimi wa fodya wa ku Katowo, ndipo a Chavula ankanena poyera kuti pa ana onse omwe anawadziwa, mutu ngati umenewo sanauonepo. Ngakhale anali atapuma, ankamuphunzitsa fizikisi masana pakhonde la kachipinda kawo. Atakhoza mayeso mochititsa kaso, Wezi anapeza mwayi wokaphunzira udokotala ku yunivesite ina ya kunja, zonse zolipiriridwa. Chinatsala chinali chimodzi: kalata yomuchitira umboni, yochokera pa adiresi ya sukulu yeniyeniyo, yopita kwa iwo mwachindunji, lisanafike tsiku lotsekera. Yochokera pa adiresi ya munthu wamba sankailandira. Ndinailemba ndine monga mphunzitsi wa kalasi yake, ahedi anasaina, ndipo a Chavula anaitumiza okha atavala jekete, titayamba tapemphera.

Patapita masiku Wezi anaimba foni kuti a ku yunivesite akuti sanalandire. A Chavula anati yapita, anaiona ndi maso awo ikutuluka pamzere. Anatumizanso. Wezi anaimbanso. Anatumiza kachitatu, n'kuyamba kupeza olakwa. Anati azunguwo sayang'ana bwino makalata awo. Anati Wezi anakopera molakwa adiresi, ndipo mtsikanayo anakwera njinga kuchokera ku Katowo kudzaitchula chilembo chimodzichimodzi, n'kupezeka yolondola. Anakwera padenga, pa msinkhu wawo, kukafuna mavu omwe kunalibe. Anakalipira a kampani ya dishi pa foni. Maimelo opita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ankafika bwinobwino, ndipo umenewo unali umboni wawo woti seva ilibe mlandu. Ahedi anapempha kuti tiitane wophunzira wathu wakale amene amagwira ntchito zoterezi ku Mzuzu.

"Ameneyo kugwira waya ndinamuphunzitsa ndine," anatero a Chavula. Nkhani inathera pomwepo.

Ine ndinawafunsa funso lawo lomwe. "Adada, kodi sinabwerere?"

"Yayi. Ikanabwerera ndikanawerenga."

Tsiku lotsekera linafika n'kudutsa.

Chimene chinawatsegula maso chinali foni ya mwana wawo wa kunja, amene anafunsa chifukwa chomwe bambo ake anasiyira kulemba. Bambowo anali akulemba sabata iliyonse. Anatumiza kalata ina foni ili kukhutu, mwanayo anadikira, sinafike. Pamenepo panatsala malo amodzi okha omwe sanayang'anemo. Anandiitanitsa masana amenewo, ati poti kalata ya Wezi ndinalemba ndine. Ndinavula nsapato n'kulowa. Ndinawapeza atatsegula kumanda.

Zonse zinali momwemo. Pakati pa makalata obwerera a anthu akufa panali mayankho a kalata za Wezi, iliyonse ndi yankho lake, lobwera nthawi yomweyo yomwe inatumizidwa. Poti munali mawu akuti wakanidwa, seva inawaponya komwe inalamulidwa kuponya. A Chavula anaika chala pa sikirini n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga ankatiwerengetsera ife. Kenako anandimasulira. Seva yathu inali itaikidwa m'gulu la maseva otumiza zinyalala ndi zachinyengo, ndipo mabungwe ambiri a kunja ankakana chilichonse chochokera kwa ife. Chifukwa chake chinalembedwanso: tinkatumiza makalata ochuluka ofanana, ndipo tinkalembera maadiresi opanda mwini wamoyo. Anali atawerenga kale mmene zimachitikira. Adiresi ikafa, kampani imayamba yabweza makalata kwa nthawi yaitali kuti aliyense adziwe. Kenako ena mwa maadiresiwo imawatsegulanso mwakachetechete, kuti amene akulemberabe kumeneko agwidwe ngati wakuba.

Anayang'ana kansalu ka maluwa kaja.

"Ndiye kuti amama a kunyumba sankalandira," anatero. "Unali msampha."

Sanalire. Anamasula tayi, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba. Ndinali ndisanawaonepo khosi lili pamtunda, ndipo ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba. Ndinayang'ana mabatire.

M'mawa mwake pa msonkhano wa aphunzitsi anaimirira, ngakhale ahedi anawauza kuti alankhule atakhala. Anafotokoza zonse mwadongosolo ngati phunziro, osasiya kanthu: maina a akufa, malo omwe sankatsegula, thandizo lomwe anakana. Anatembenukira kwa mphunzitsi wa makompyuta uja n'kunena kuti anawachenjeza ndipo iwo sanamve. Mphunzitsiyo anaweramitsa mutu, sanadyerere, ndipo ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo. Ahedi, omwe anali ndi mpata wobwezera za chilembo chija, anangoti, "Yewo, a Chavula, tamva." M'chipindamo tinadzaza anthu omwe tinatonthozedwa ndi mauthenga aja, omwe tinayankha kwa onse mosangalala, koma mlandu wonse unatsala pa munthu mmodzi woimirira. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika kwa ana, ndipo ankanong'onezana kuti a Chavula amalemberana makalata ndi mizimu. Akuluakulu ena pa tiyi ankaseka nthabwala yomweyo.

Kuti sukulu ichotsedwe m'gulu loipalo panafunika kuyeretsa maadiresi. A Chavula anachita zimenezi Loweruka m'mawa, chitseko chili chotsegula. Ine ndinali m'chipinda cha aphunzitsi kuchonga makope, ndipo khoma lake ndi lopyapyala. Ndinkawamva akutchula dzina lililonse mokweza, ndi mudzi wake, ndi chaka chomwe munthuyo anamaliza sukulu, kenako kugunda kwa batani. Ena ndinkawadziwa, ena anachoka pasukulupa ndisanabwere. Panafika pena pomwe panakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinaika cholembera pansi. Kenako anatchula dzina la akazi awo, lonse lathunthu monga analitchulira abusa pa ukwati, batani linagunda, ndipo anapitirira ku dzina lotsatira.

Analembera osunga gulu lija mwaulemu wa munthu wolakwa, ndipo patapita masiku njira inatseguka. Analemberanso ku yunivesite, kufotokoza kuti cholakwa ndi chawo osati cha mwana. Yankho linafika bwinobwino nthawi imeneyi. Anapepesa, koma malo anali atapatsidwa kwa wina. Chaka chotsatira mwayiwo sunabwerenso.

Apa m'pamene pakubwera tambala uja. Kuno munthu akalakwira banja sapepesa pa foni, ndipo sapita yekha. Anandipempha kuti ndikakhale mboni. Tinakwera matola a ku Katowo, anthu akuyang'ana suti ndi tambala, akufunsana ndi maso. A Luhanga tinawapeza pa chigafa akusankha fodya. Anatulutsa mipando, koma a Chavula anakhala pansi, pafumbi, ndi suti ya Mgonero ija. Analankhula m'Chitumbuka, ndipo za seva sanatchule n'komwe.

"Adada, ndinapatsidwa kalata ya mwana wanu kuti ndikapereke. Sinafike. Anandiuza kuti sinafike, koma ine sindinawerenge."

A Luhanga sanagwirepo kompyuta, koma ulemu amaudziwa. Anayesa kuwatsegulira khomo lothawira. "Makinawa amawonongeka, aphunzitsi. Kapena ndi makina?"

"Yayi. Makina ananena zoona. Ndine."

A Luhanga anaika fodya wawo pansi. Kenako analandira tambalayo ndi manja awiri, monga mwambo ufunira, n'kuitana Wezi. Wezi sanatuluke. Anaitananso. Kunabwera mayi ake, anagwada, n'kunena kuti mwanayo mutu ukumupweteka. A Luhanga anafuna kudzuka mokwiya, koma a Chavula anawagwira dzanja.

"Musiyeni mwanayo. Sakulakwa."

Pobwerera anakana kudikira matola pamsika pomwe pali anthu. Tinayenda wapansi mtunda wautali, fumbi lili kumbuyo kwa buluku lawo, ndipo sanalisase.

Kuyambira pamenepo sanatumizenso uthenga wa maliro. Wina akabwera nawo, ankaulemba papepala ndi dzanja lawo lokongola lija n'kuupachika pa bolodi la panja. Ophunzira akale ankaimba foni kudandaula kuti akumva za imfa za anzawo mwezi utatha. Abusa anabwera kudzawanyengerera, ati maadiresi ndi oyera tsopano, palibe choopsa. Ifenso tinawapempha, ngakhale mwina mosalimbikira kwenikweni. Yankho linali yayi. Ndi kutchalitchi komwe anapempha kuti asiye kuwerenga zolengeza, ntchito yomwe anaigwira kuyambira ndisanabwere. Anasamukira pa benchi ya kumbuyo. Ukapita ndi imelo yosafika ankakukonzera mwakachetechete, kalata yobwerera ankawerenga okha mumtima. Ndinkalakalaka atandikalipira za zithunzi.

Patapita zaka zingapo sukulu inasamutsira maimelo ake ku kampani ya kunja, monga akuchitira onse masiku ano. Seva anaizimitsa okha a Chavula, anakonza kansalu kaja, n'kupereka kiyi kwa ahedi atsopano. Maadiresi a aphunzitsi anasamutsidwa. Za gulu lalikulu lija palibe anafunsa, ndipo iwo sanakumbutse. Anapita kumudzi kukalima mtedza.

Atamwalira tinalengeza pa magulu athu a pa foni, ndipo uthenga unazungulira mwa ife tomwe, anthu omwe tinali titamva kale. M'pamene wina anakumbukira kuti maadiresi a ophunzira onse akale ali m'bokosi lakuda lija. Tinafunafuna kiyi, tinatsegula, tinalumikiza magetsi. Makinawo analira pang'ono n'kuzima. Ngakhale akanayaka, pasiwedi inali m'mutu mwa munthu amene anali m'bokosi lina.

Wezi anabwera. Masiku ano amagulitsa mankhwala m'sitolo ina ku Chiweta, ndipo za maliro anamva kwa dalaivala wa minibasi. Ndinamupeza kuseri akutsuka mbale ndi amayi. Atandipatsa moni anayang'ana pansi pa mitengo paja.

"Madamu, nanga anzathu aja ali kuti?"

"Sanamve."

"Maliro a a Chavula, anthu osamva?" Anapukuta manja pa chitenje. "Ine ndinawakwiyira zaka zambiri, madamu, ndipo sindinganame kuti zinatheratu. Tambala uja sindinadyeko. Koma izi ayi."

Pamanda, woyendetsa mwambo ankaitana magulu kudzaika nkhata. Ana awo anaika, a mpingo anaika, aphunzitsi tinaika. Kenako anaitana ophunzira akale. Panali zii. Anaitananso, akuyang'ana uku ndi uku, nkhata ili m'manja. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika. Ndiye Wezi anadzuka pakati pa amayi, anayenda yekha, analandira nkhatayo n'kugwada.

Adiresi ya a Chavula ya kusukulu sitinaitseke. Ahedi afunsapo kawiri, ndipo nthawi zonse wina amati tidikire kaye. Uthenga wayamba kufika kutali tsopano, mochedwa, ndipo ena mwa ophunzira akale akulembera ku adiresi yomweyo, poti ndi yokhayo yomwe akuidziwa, kufunsa ngati zimene amvazo n'zoona. Makalatawo sakubwerera. Akulandiridwa ndithu.

Kachipinda kaja kabwerera ku ntchito yake yakale. Muli makatoni a choko, makasu, ndi madesiki othyoka miyendo. Pakhoma pali bowo pomwe pankadutsa waya wa dishi, ndipo mavu amangamo chisa popanda wowasokoneza. Msomali wopachikapo jekete ulipo. Kampando komwe tinkakhala powerenga makalata athu obwerera kali pakona, wina anaikapo chitini cha penti. Seva ili pomwe inali, kansalu ka anyaHarawa kali pamwamba, kofiira ndi fumbi, mabowo a mpweya ali osatsekedwa monga anasiyira mwini wake. Dzulo ndinapitako kukatenga choko, ndipo ndinazindikira ndili kale m'kati kuti nsapato ndazisiya pakhomo.